Galasi, pulasitiki, chitini kapena katoni: kampani ya zakumwa isankhe chiti?

Mu January 2018 kampani ya Coca-Cola inalengeza kuti pofika 2030 izidzatolera botolo kapena chitini chimodzi pa chilichonse chimene yagulitsa, ndiponso kuti theka la zipangizo zopangira zotengera zake lidzakhala lochokera ku zotengera zakale. Mu February 2022 inawonjezera lonjezo lina, lakuti 25 peresenti ya zakumwa zake izidzagulitsidwa m'zotengera zobweza. Pofika December 2024 mawu anasintha. Chaka chinasunthira ku 2035, zipangizo zakale zinatsikira pa 35 mpaka 40 peresenti, kutolera kunatsikira pa 70 mpaka 75 peresenti, ndipo za zotengera zobweza zija sizinatchulidwenso.

Kampani yaikulu chonchi ikabwerera m'mbuyo, ndiye kuti nkhaniyi ili ndi minga. Woyang'anira fakitale ya zakumwa amene akufuna kuchepetsa zinyalala ndi utsi wotenthetsa dziko ali ndi njira zingapo patebulo, ndipo wogulitsa aliyense wa zotengera amalumbira kuti yake ndiyo yokomera chilengedwe. Koma chimene chimagamula mlanduwu si galasi kapena pulasitiki pa iko kokha. Mafunso ake ndi awiri: chotengeracho chikatha ntchito chibwerera kwa mwini wake? Nanga chiyenda mtunda wautali bwanji?

Botolo la galasi lobweza

Iyi ndi njira imene aliyense ku Malawi amaidziwa: ukafuna Fanta kapena Carlsberg wokamwera kunyumba, umabwera ndi botolo lopanda kanthu kapena umasiya dipoziti. Makampani ambiri a ku Ulaya ndi ku America anaitaya kalekale, ndipo ena tsopano akuifunanso ngati chinthu chatsopano.

Kupanga galasi n'kodula pa moto. Mchenga, soda ndi mwala wa laimu zimasungunuka m'ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 1,500, ndipo ng'anjoyo imayaka usana ndi usiku kwa zaka zambiri osazimitsidwa. Botolo lobweza limapangidwa lochindikala dala kuti lipirire kugundana m'makreti, motero laling'ono lokha limalemera magalamu oposa 300. Mafuta onse amene anapsa polipanga ndi ngongole imene botololo liyenera kubweza pang'onopang'ono, ulendo ndi ulendo. Ku Germany botolo la galasi limatha kudzazidwa mpaka ka 50 lisanapume.

Masamu ake ndi apafupi koma ankhanza. Ngati pa mabotolo 100 aliwonse otuluka m'fakitale akubwerera 95, botolo limodzi liyenda maulendo pafupifupi 20 lisanasowe. Akamabwerera 90, maulendo atsikira pa 10. Akamabwerera 80, maulendo ndi 5 okha, ndipo pamenepo phindu lake pa chilengedwe latsala pang'ono kutheratu. Ndiye kusiyana kwa mabotolo khumi okha pa 100, pakati pa 95 ndi 85, kumachotsa maulendo oposa theka. N'chifukwa chake dipoziti ndiye mtima wa njirayi. Ikakhala yotsika kuposa mtengo umene wogulitsa mafuta ophikira, uchi kapena kachasu angalipire botolo lomwelo, mabotolo amathera kumsika ndipo sabwerera ku fakitale. Kumene ndalama ikugwa mphamvu msanga, dipoziti imene inali yokwanira chaka chatha imakhala nthabwala chaka chino, ndipo kampani imene siisintha imazindikira makreti atayamba kubwera ogweruka.

Botolo likafika ku fakitale limalowa m'makina otsukira kwa mphindi zingapo. Limayamba lanyikidwa m'madzi ofunda, kenako m'madzi a soda wa kositiki wa mphamvu ya pafupifupi 2 peresenti pa madigiri 70 mpaka 80, amene amachotsa chizindikiro cha pepala, guluu ndi nkhungu. Pomaliza limatsukuluzidwa ndi madzi ozizira pang'onopang'ono. Kuziziritsa mofulumira kumaswa galasi, ndipo ndilo vuto loyamba limene limabwera wina akafupikitsa nthawi ya makina kuti athamangitse ntchito. Soda akachepa mphamvu nkhungu imatsalira pansi pa botolo. Akachuluka amadya galasi n'kulichititsa mbuu. Atatsukidwa, mabotolo amadutsa pa makina a kamera amene amakankhira pambali lililonse lobenthuka kukamwa kapena lotsalira kanthu mkati. Kukamwa kobenthuka ndiko kumatulutsa mpweya, chakumwa n'kufika kwa wogula chitazilala.

Pali ndalama zina zimene ambiri amaiwala powerengera. Pa botolo limodzi limene lili pa shelefu, pamafunika ena angapo ali panjira, m'nyumba za anthu ndi pabwalo la fakitale. Kampani imayenera kugula mabotolo ndi makreti onsewo isanagulitse kanthu. Pamafunikanso madzi ambiri, ndiponso malo oyeretsera madzi a soda asanatayidwe kumtsinje.

Chofooka chake chachikulu ndi kulemera. Pa lole yodzaza zakumwa za m'mabotolo ang'onoang'ono, pafupifupi theka la katundu ndi galasi ndi makreti, ndipo lole yomweyo iyenera kubwerera ndi mabotolo opanda kanthu. Kuchokera ku Blantyre kupita ku Zomba kapena ku Thyolo palibe vuto. Mtunda ukafika makilomita mazanamazana, dizilo amayamba kudya phindu lonse. Njirayi imakonda fakitale yapafupi ndi msika, komanso botolo la mtundu umodzi limene zakumwa zambiri zingagwiritse ntchito, kuti lisamayende ulendo wautali kukafuna mwini wake.

Galasi lotaya, lija la mowa wochokera kunja ndi vinyo, silifuna mawu ambiri. Limaoneka laulemu, ndipo ogula ambiri amaliyesa labwino kuposa pulasitiki, koma pa utsi ndilo loipitsitsa pa zonse: moto wonse wa ng'anjo ija umathera pa kumwa kamodzi. Magalasi osweka akabwezeredwa m'ng'anjo amathandiza, koma pang'ono. Kuwonjezera 10 peresenti ya magalasi akale kumachepetsa moto ndi pafupifupi 3 peresenti basi. Ndipo kumene kulibe fakitale ya galasi pafupi, palibe amene anganyamule magalasi osweka mtunda wautali pa mtengo wake wochepawo.

Pulasitiki wa PET, watsopano ndi wobwezeretsa

Makampani sanathamangire PET, pulasitiki wa mabotolo a madzi ndi zoziziritsa kukhosi, chifukwa cha nkhanza. Botolo la theka la lita la chakumwa cha mpweya limalemera magalamu 20 mpaka 25, la madzi n'lopepuka kuposa apo. Silisweka, silifuna kreti, silifuna ulendo wobwerera. Fakitale imagula timachubu ting'onoting'ono tokhala kale ndi kukamwa kwa botolo, n'kumatifufumitsa ndi mpweya pomwepo podzaza. Ukangowerengera utsi wokha, PET amatulutsa wochepa kwambiri kuposa galasi lotaya. Mlandu wake uli kumapeto: botolo limene palibe amene akulifuna limathera m'ngalande, mu Mudi, mumtsinje wa Lilongwe, kapena pamoto wa kuseri kwa nyumba. Gulu la Break Free From Plastic, limene limawerenga mayina a makampani pa zinyalala zotoledwa m'maiko ambiri, linapeza Coca-Cola pa nambala yoyamba zaka zingapo zotsatizana kuyambira 2018.

Yankho limene makampani akuluakulu amalikonda kwambiri ndi kupanga botolo latsopano kuchokera ku lakale. Ntchito yake imayenda motere. Mabotolo amasankhidwa potengera mtundu, amapanikizidwa m'mabelo, kenako amagayidwa kukhala tizidutswa. Tizidutswato timatsukidwa ndi madzi otentha a soda, n'kuthiridwa m'thanki ya madzi. PET ndi wolemera kuposa madzi, ndiye amamira. Zitsekerero, zimene zimapangidwa ndi pulasitiki wina wopepuka, zimayandama n'kuyengulidwa. Kuti PET ameneyu aloledwe kukhudza chakumwa, amatenthedwanso kwa maola angapo m'chipinda chopanda mpweya wamba, kuti fungo ndi mankhwala zituluke komanso kuti abwezeretse kulimba kumene anataya posungunuka. Sitepe imeneyi ndi yodula, ndipo ikasowa PET wakale amangothera ku ulusi wa zovala, mapilo ndi malamba omangira katundu. Zimenezo si zoipa, koma ulusiwo subwereranso kukhala botolo.

Zimene zimaononga ntchitoyi n'zazing'ono zedi. Kachidutswa ka pulasitiki wina wotchedwa PVC, kamene kamamira limodzi ndi PET, kamapsa pa kutentha kumene PET amasungunukira ndipo kamadetsa mtanda wonse ndi timadontho takuda. Chizindikiro cha pulasitiki chokuta botolo lonse chimasokoneza makina osankhira. Guluu wosasungunuka m'madzi amasandutsa PET kukhala wachikasu. Utoto nawonso ndi mdani: botolo lobiriwira kapena labulauni silingasanduke loyera, choncho mtengo wake kwa otolera ndi wotsika ndipo ambiri amangolidumpha. Ichi ndicho chifukwa chake Sprite anasiya botolo lobiriwira n'kulowa m'loyera, kusintha kumene kunafika ku North America mu 2022. Pa zonse zimene makampani achita, kuchotsa utoto ndi chimodzi mwa zotsika mtengo koma zaphindu lenileni.

Vuto lina ndi msika. PET watsopano amachokera ku mafuta a pansi, ndiye mafuta akatsika mtengo iye amatsikanso, pamene ndalama zotolera ndi kutsuka wakale sizitsika. Nthawi zambiri wakale woyenera zakudya amadula kuposa watsopano, ndipo kampani yopanda lamulo pamsana imabwerera ku watsopano mwakachetechete. Kumene zinthu zayenda, lamulo ndilo linakankha. European Union inalamula kuti kuyambira 2025 mabotolo a PET akhale ndi 25 peresenti ya pulasitiki wakale, ndipo pofika 2030 mabotolo onse a pulasitiki a zakumwa afike pa 30 peresenti. Britain inayamba mu April 2022 kudula msonkho wa mapaundi 200 pa tani ya zotengera za pulasitiki zosafika 30 peresenti. Ku Germany botolo lotaya lili ndi dipoziti ya masenti 25 a yuro, ndipo pafupifupi onse amabwerera ku makina a m'masitolo.

Kuno kummwera kwa Africa chitsanzo chili ku South Africa. Makampani kumeneko anakhazikitsa bungwe la PETCO mu 2004, limene limatolera ndalama kwa opanga mabotolo n'kuthandizira ogula mabotolo akale kuti mtengo usagwe. Fakitale ya Extrupet ku Wadeville, pafupi ndi Johannesburg, imasandutsa mabotolo akale kukhala PET woyenera zakumwa, ndipo kuyambira 2021 lamulo limakakamiza opanga katundu kulipirira zinyalala zawo. Komabe amene amanyamula ntchito yeniyeni ndi anthu otola zinyalala okoka ngolo m'misewu. Kampani imene ikulonjeza botolo lobwezeretsa koma osanena kuti wotola alandira zingati pa kilogalamu yangonena theka la nkhani. Kilogalamu imodzi ndi mabotolo ang'onoang'ono 40 kapena 50, ndipo munthu sangawerame ka 50 pa ndalama yosagula n'komwe bazi.

Ku Malawi lamulo la 2015 loletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 kuchindikala kwake (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), limene Khoti la Supreme linalitsimikiza mu 2019, limakhudza majumbo, osati mabotolo. Botolo la PET kuno limakhala ndi moyo wachiwiri ndithu, la thobwa, la mafuta oyezera, la parafini, koma moyo wachitatu lilibe.

Pakati pa galasi lobweza ndi PET wotaya pali njira imene siitchulidwa mokwanira: botolo la PET lochindikala, lobweza. Ku Brazil Coca-Cola inayambitsa mu 2018 botolo la malita awiri la maonekedwe amodzi pa zakumwa zake zosiyanasiyana, longosintha chizindikiro, lotha kudzazidwa mpaka ka 25. Ku South Africa nakonso kuli botolo lobweza la malita awiri. Limapepuka kwambiri kuposa galasi, ndiye vuto la dizilo lija limachepa. Koma lili ndi nkhani zake ziwiri. Choyamba, PET amafewa akayandikira madigiri 70, motero amatsukidwa pa madigiri osapitirira 60. Madzi akatentha kuposa apo botolo limafota ndipo mlingo wake umachepa. Chachiwiri, pulasitiki amamwa fungo. Botolo limene linasungapo petulo, parafini kapena mankhwala a mbewu silingayeretsedwe, choncho fakitale imayenera kukhala ndi makina onunkhiza botolo lililonse lisanalowe motsukira. Kumene botolo lopanda kanthu limagwira ntchito zana pakhomo, makina amenewa sangasowe, ndipo mabotolo otayidwa pa sitepeyi amachuluka kuposa mmene mapulani ananenera.

Chitini

Chitini cha aluminiyamu cha mamililita 330 chimalemera magalamu pafupifupi 13. Chimapakirika mothinana, chimazizira msanga, sichilowetsa kuwala kumene kumaononga mowa. Ubwino wake waukulu n'ngwakuti chili ndi mtengo ngakhale chili m'dzala. Kusungunula aluminiyamu wakale kumadya pafupifupi 5 peresenti yokha ya mphamvu yofunika popanga watsopano, ndipo chitsulocho sichifooka ngakhale chisungunulidwe kangati. Palibe chifukwa chochonderera anthu kuti atole zitini. Ogula zitsulo zakale ndi osula mapoto amazifuna okha.

Koma watsopanoyo ndi nyama ina. Kilogalamu imodzi ya aluminiyamu imafuna magetsi okwana mayunitsi 13 mpaka 15 posungunula pokha, osawerengera kukumba bauxite, miyala imene aluminiyamu amachokeramo, ndi matope ofiira amene amatsala poiyenga. Fakitale imodzi yokha, monga Mozal pafupi ndi Maputo, inamangidwa kuti izidya magetsi ochuluka kuposa amene dziko lonse la Malawi limapanga. Ndiye funso lofunsa wogulitsa zitini ndi lakuti magetsi ake anachokera kuti. Aluminiyamu wa magetsi a madzi ndi wa magetsi a malasha amasiyana utsi kangapo konse, ngakhale chitini chake n'chimodzimodzi. Kampani imene yachoka ku PET kupita ku zitini za aluminiyamu watsopano wa malasha yachepetsa zinyalala za m'ngalande koma yawonjezera utsi. Tisaiwalenso kuti chitini chili ndi kansalu kopyapyala ka pulasitiki mkati koteteza chitsulo ku asidi wa chakumwa, kuti sichitsekekanso chikatsegulidwa, ndiponso kuti chikamachokera kunja chili chopanda kanthu, lole imakhala ikunyamula mpweya.

Katoni ndi mabotolo a zomera

Katoni ya mkaka kapena juwisi wokhalitsa imapangidwa ndi pepala pafupifupi 70 mpaka 75 peresenti, pulasitiki woposa 20 peresenti, ndi kansalu ka aluminiyamu kokwana pafupifupi 5 peresenti. Pa utsi imachita bwino: n'njopepuka, imafika ku fakitale ili mpukutu, ndipo mkaka wake sufuna firiji, chimene n'chofunika kwambiri kumene magetsi amazimazima. Kuibwezeretsa ndiko kovuta. Pamafunika fakitale ya mapepala yokhala ndi chithanki chovundula makatoni m'madzi mpaka pepala litalekana, ndipo zotsalira za pulasitiki ndi aluminiyamu zimafuna wina wozipanga malata kapena matabwa. Kopanda fakitale yotero katoni ndi chinyalala wamba. Siingasungenso chakumwa cha mpweya wambiri, ndiye pa zoziziritsa kukhosi siili n'komwe pa mpikisano.

Mabotolo otchedwa a zomera ndiwo amakopa atolankhani. PlantBottle ya Coca-Cola ya 2009 inali PET wamba amene gawo lake lina, mpaka 30 peresenti, linachokera ku nzimbe m'malo mwa mafuta a pansi. Ubwino wake n'ngwakuti imabwezeretsedwa limodzi ndi PET wina aliyense. Koma ikagwera mumtsinje imakhala zaka zomwezo, siiwola. Pulasitiki wa PLA, wopangidwa ku chimanga kapena nzimbe, amawola pokhapokha m'malo apadera opangira manyowa otentha pafupifupi madigiri 58 kwa milungu ingapo. Pa dzala la pakhomo sawola, ndipo akasakanikirana ndi PET amaononga mtanda monga PVC uja. Botolo la pepala nalo likadali pa mayeso. Carlsberg inagawa mabotolo 8,000 otero m'maiko asanu ndi atatu a ku Ulaya mu 2022, okhala ndi kansalu ka pulasitiki wa zomera mkati. Mabotolo 8,000 ndi ntchito ya mphindi zochepa pa mzere umodzi wodzazira mowa. Za mapulasitiki othiridwa mankhwala oti aziphwanyika padzuwa, European Union inawaletsa mu 2021 chifukwa amangosanduka tizidutswa tosaoneka, sachoka.

Ndiye isankhe chiti?

Kampani imene msika wake uli pafupi ndi fakitale, imene ili kale ndi makreti ndi ogulitsa ozolowera dipoziti, isataye galasi lobweza. Kumanga njira yotero kuyambira pansi kumatenga zaka ndi ndalama zambiri, pamene kuigwetsa n'kwa miyezi yochepa: PET wotaya akangolowa pa mtengo wofanana, wa golosale amasankha chosafuna malo osungira makreti. Ndalama zimene zikanapita ku botolo lachilendo zipite ku dipoziti yoyenera, makina oyendera mabotolo ndi kubwezeretsa madzi otsukira. Pa mabotolo aakulu a pabanja, PET wobweza ndi woyenera kuyesedwa dera limodzi kaye, n'kuwerenga mabotolo obwerera ndi okanidwa ndi makina onunkhiza kwa chaka chathunthu.

Pa katundu wopita kutali kapena kunja kwa dziko, kumene palibe chiyembekezo choti chotengera chibwerere, chitini chokhala ndi aluminiyamu wakale wambiri chimaposa galasi lotaya. PET wotaya akhala alipobe, makamaka pa madzi, ndipo pamenepo zoyenera kuchita n'zodziwika: botolo loyera, chizindikiro chaching'ono, guluu wosungunuka m'madzi, PVC ayi, ndi pangano la zaka zingapo logula mabelo pa mtengo wokhazikika kuti wotolera ndi womanga mabelo asagwe mafuta akatsika mtengo.

Powerenga lipoti la kampani, mawu akuti botolo "lingathe kubwezeretsedwa" asakusokonezeni. Pafupifupi botolo lililonse la PET lingathe, ngakhale lija lili pa dzala la Mzedi ku Blantyre. Funani matani a pulasitiki watsopano amene kampani inagula chaka chino poyerekeza ndi chaka chatha, osati maperesenti okha, chifukwa peresenti ya wakale imatha kukwera pamene matani a watsopano akukweranso malonda akamakula. Funaninso chiwerengero cha dziko ndi dziko. Mabotolo a ku Germany ndi ku Norway, kumene oposa 90 pa 100 amabwerera, akaphatikizidwa ndi a maiko opanda njira yotolera, nambala ya pakati imaoneka yabwino ndithu pamene ngalande za ku Limbe zili zodzaza.